Kapakidwe ka ma kirimu a siteroidi pakhungu, momwe ndaphunzirira ndi mwana wanga

Kwathu kuno ku Chilomoni chiperoni chikangoyamba mu June ine ndimadziwiratu kuti tulo tatha basi. Mwana wanga wachiwiri ali ndi eczema chiyambire ali ndi miyezi 8, pano ali sitandade 2, nde kukangozizira khungu limatuwa mbuu ngati wagubuduka paphulusa, kenako kuseri kwa mawondo ndi mkati mwa zigongono kumayamba kuyabwa, usiku umangomva kwee kwee kwee akudzikanda ali mtulo, m'mawa pa shiti timadontho ta magazi. Zaka zonsezi ma chubu amene ndafinya sindingawerenge, ndalakwitsapo, ndakalipiridwapo ndi anesi, ndiye poti mu gulu lathu la azimayi pa WhatsApp wiki iliyonse pamakhala wina wotumiza chithunzi cha chubu nkumafunsa kuti kodi aka nkabwino, ndati ndingolemba zonse kamodzi. Ine si dokotala, izi ndi zomwe adokotala a zakhungu akhala akundiuza komanso zomwe ndaona ndi maso anga.

Choyamba mudziwe kuti mankhwalawa ndi chani kwenikweni, chifukwa ena akangomva zoti siteroidi amaganiza za anyamata a ku jimu otupa zifuwa aja, ayi izo nzina. Thupi lathu limapanga lokha michere ina yotchedwa cortisol kuchokera mu tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso, ndiye ma kirimu awa anapangidwa motengera iyeyo. Anthu oyamba kupaka hydrocortisone pakhungu la odwala nkuona kuti zikuthandiza anali madokotala awiri a ku New York, Sulzberger ndi Witten, mu 1952, ndiye si zachilendo ayi. Ntchito yake ndi imodzi, kuziziritsa khungu lomwe lakwiya, kutupa kumaphwa, kuyabwa kumasiya. Sapha tizilombo, sapha mafangasi, ndipo pamene mwapakapo chitetezo cha khungu chimayamba chagona kaye. Gwirani mfundo imeneyi chifukwa mavuto ambiri amene ndaona amachokera pomwepa.

Nde musanatsegule chubu funso ndi lakuti, chomwe chili pakhungupo nchiyani? Alamu anga a ku Bangwe mwana wawo anatuluka kachipere patsaya, kozungulira bwinobwino ngati ndalama yachitsulo, m'mbali motukuka pakati poyera. Anapita pa kashopu kena anawapatsa kachubu kaja amati kamachiza zonse, kopakidwa zithunzi za miyendo ya zilonda pa katoni. Masiku atatu kuyabwa kunasiya, kachipere kanazilala, alamu kusangalala kuti mankhwala awa nde eni ake. Atasiya kupaka sipanathe wiki, chinabwerera chachikulu ngati chivindikiro cha kapu mpaka kufika kukhutu, ndipo chinali chitasintha maonekedwe moti olo a kuchipatala anachita kuyang'anitsitsa kuti achizindikire. Anawafunsa kuti mayi munapakapo chani, alamu anangotulutsa katoni mu chikwama, adokotala kungopukusa mutu poona kuti muli siteroidi. Chipere ndi fangasi, siteroidi amangochiphimba uku chikudya pansipansi. Mankhwala ake ndi ena, clotrimazole, miconazole kapena Whitfield, ndipo chikakhala cha m'mutu chothothola tsitsi chija zopaka zokha sizikwanira, pamafunika mapilitsi ngati griseofulvin kwa ma wiki angapo.

Mphere chimodzimodzi. Ngati kuyabwa kukukula usiku, tizotupa tili pakati pa zala, pa mfundo za manja, pamchombo, kumaliseche, ndipo m'nyumbamo simukukanda nokha koma ana onse ndi bambo awo omwe, imeneyo ndi mphere mpaka wina atakutsimikizirani kuti ayi. Pamenepo mpofunika benzyl benzoate, nyumba yonse tsiku limodzi, zofunda kuchapa. Mukapaka siteroidi kuyabwa kuchepa inde koma tizilombo tikuswana mwamtendere. Zilonda zamafinya zokhala ndi nkhanambo yachikasu pakamwa ndi pamphuno pa ana, mashingozi, katsabola, timatuza ta pamlomo tija, ziphuphu za kumaso, zonsezi siteroidi ayi.

Amene amagwira bwino ntchito ndi pa eczema ngati ya mwana wangayu, pa psoriasis ija imapanga zigamba zokhuthala zamamba otuwa pa zigongono ndi mawondo, pa ziwengo zobwera chifukwa khungu lakhudzana ndi chinthu chomwe silikugwirizana nacho, pa kulumidwa ndi tizilombo kotupa kwambiri, ndi zina zomwe adokotala angakuuzeni. Za ziwengo zokhudzana ndi chinthuzi ndiimepo pang'ono, chifukwa mu Blantyre muno nzambiri. Amisiri omanga manja kusweka ndi simenti, azimayi ochapa zovala za maganyu tsiku lonse manja ali mu sopo wa ufa, atsikana a mu saluni ndi mankhwala a tsitsi ndi dayi, ndolo zotchipa zotupitsa makutu, chitsulo cha lamba kapena batani la jinzi kusiya chigamba chakuda pansi pa mchombo. Zimenezi kirimu amaziziritsa koma ngati mawa mwavalanso ndolo zomwezo mungomaliza ma chubu pachabe. Batani la jinzi mutha kusokerera kansalu mkati, ochapa ndi omanga pezani magolovesi, bola mkati mwake musamadzadze thukuta.

Tsopano mphamvu zake. Apa mpomwe anthu ambiri timapusitsika ndi manambala. Ine poyamba ndinkaona ngati 1% ndi wamphamvu kuposa 0.05% poti nambala ndi yayikulu, kusukulu tinaphunzira choncho eti. Bodza. Hydrocortisone 1% ndiye wofatsa kuposa onse, pamene clobetasol propionate 0.05% ndi chilombo, mphamvu zake zimaposa hydrocortisone maulendo mazanamazana. Chofunika ndi dzina la mankhwala lolembedwa ndi timalemba ting'onoting'ono pansi pa dzina lalikulu lija, osati nambala yokha. Ali m'magulu anayi. Wofatsa ndi hydrocortisone 1%. Wapakati ndi monga clobetasone butyrate 0.05%, ena amamudziwa ndi dzina loti Eumovate. Amphamvu ndi betamethasone valerate 0.1% yemwe ali mu Betnovate, betamethasone dipropionate, ndi mometasone. Wamphamvu zedi ndi clobetasol, yemwe ali mu Dermovate ndi mu Movate. Taonani clobetasone ndi clobetasol momwe akufanirana, kusiyana timalemba ta kumapeto basi koma wina ndi mwana wina ndi mkango, nde mukalandira ku famase werengani kawiri. Komanso akalembedwa kuti hydrocortisone butyrate, ameneyo si wofatsa uja ayi, ali m'gulu la amphamvu. Ma kirimu osakaniza aja, monga Funbact-A, mkati mwake muli betamethasone pamodzi ndi clotrimazole ndi neomycin, kutanthauza kuti mukupaka siteroidi wamphamvu olo pa katoni alembepo zazikulu za mafangasi.

Chifukwa chomwe magulu amenewa alipo nchakuti khungu si limodzi thupi lonse. Tagwirani chikope chanu kenako mugwire chidendene mumve kusiyana. Pamene pali popyapyala mankhwala amalowa ambiri, ndiye kumaso, m'khosi, m'khwapa, m'mphechepeche, pansi pa mabere ndi kumaliseche ndi malo a hydrocortisone, pokhapokha adokotala atanena okha zina ndipo akuuzani masiku ake. Pathupi, mikono ndi miyendo wapakati kapena wamphamvu kutengera momwe zakulira. Zikhatho ndi kuphazi khungu ndi lokhuthala moti hydrocortisone amangoseweretsa, kumeneko nde kumafunika amphamvu aja. Ana aang'ono khungu lawo lonse ndi lopyapyala, ndipo malo a thewera ndi oopsa kwambiri, chifukwa pampasi amatseka ngati mwakulunga ndi pulasitiki, mankhwala amalowa mpaka m'magazi. Khanda lopakidwa clobetasol kumatako tsiku ndi tsiku limatha kutupa nkhope, kunenepa modabwitsa, anthu nkumayamikira kuti mwana akukula bwino pamene ndi mankhwala amusokoneza m'thupi. Matako ofiira ndi thewera kawirikawiri amangofuna kusintha thewera pafupipafupi, kumusiya apitidwe mphepo, ndi zinc kapena vaselini.

Palinso nkhani ya kirimu ndi ointment. Ointment ndi uja wamafuta ngati vaselini, amanata, amathimbiriritsa zovala, koma pakhungu louma losweka ndiye amagwira bwino ndipo sawawa popaka. Kirimu ndi woyera uja amalowa msanga, ndi wabwino pamene pakutuluka timadzi kapena m'malo mochita thukuta, komanso mu October kukutentha mwana sangalole kumata mafuta. Kwa ife nthawi ya chiperoni ndimapempha ointment. Za m'mutu zimakhala zamadzimadzi za m'botolo, mumagawa tsitsi mizere ngati mukufuna kuluka nkumadonthezera pakhungu penipeni osati patsitsi.

Muyeso wake ndi womwe unanditengera nthawi. Pa pepala amangolemba kuti pakani pang'ono, nde pang'ono ndi bwanji? Ine ndi mantha anga ndinkangokhudza kukamwa kwa chubu ndi nsonga ya chala nkupaka mwendo wonse, wiki ziwiri osasintha kanthu, nkubwerera kuchipatala kukadandaula kuti mankhwala anu sakugwira. Anesi ena achikulire anandiuza kuti mayi tabweretsani chubucho, atachiona chili chodzadza anaseka nkunena kuti mwana wanu simunayambe kumupatsa mankhwala, mwakhala mukumununkhitsa chabe. Anatenga chala changa cha mkombaphala, nkufinya kirimu kamzere kuyambira pa mzere wa chala woyandikana ndi nsonga mpaka kunsongako. Akuti kamzere kameneko ndi pafupifupi theka la gramu, ndipo kamakwana malo aakulu ngati zikhatho ziwiri za munthu wamkulu zala zili pamodzi. Muyeso umenewu anaukhazikitsa ndi madokotala a ku Cardiff, Long ndi Finlay, mu 1991, ndipo ukugwiritsidwa ntchito konsekonse. Olo mukupaka mwana, chala ndi chikhatho choyezera ndi chanu inu wamkulu.

Ndiye mumangoyala chikhatho chanu pamwamba pa malo odwalawo nkuwerenga. Wanga zikamuvuta, zigongono ziwiri ndi kuseri kwa mawondo awiri zimakwana zikhatho zinayi, ndiye timizere tiwiri, gramu imodzi. Kawiri patsiku ndi magramu 2, pa wiki 14, kutanthauza kuti kachubu ka 15g kayenera kutha pa wiki imodzi. Ine kachubu komweko kankandikhalira miyezi itatu kkkk. Kwa munthu wamkulu ngati chiwalo chonse chagwidwa, nkhope ndi khosi ndi timizere tiwiri ndi theka, mkono umodzi titatu, dzanja limodzi mbali zonse kamodzi, mwendo umodzi 6, phazi tiwiri, chifuwa ndi mimba 7, msana mpaka kumatako 7. Mukawerengera choncho muona kuti wa eczema ya miyendo yonse iwiri kachubu kamodzi sikangamufikitse olo masiku atatu, nde muziwauza adokotala kukula kwa malowo kuti akulembereni zokwanira.

Kapakidwe kake ndi kophweka. Sambani m'manja. Nthawi yabwino ndi mwana akangosamba, mwamupukuta mongogunditsa tawulo osati kukhula. Ikani timadontho ta kirimu apa ndi apo pa chigambacho kenako muzisisita pang'onopang'ono kutsata komwe ubweya wagonera mpaka pangotsala kunyezimira pang'ono, osachita kutikita ngati mukukanda ufa wa mandasi. Pakani pomwe pali vuto pokha, pokhakhala, potupa, poyabwa, osati mwendo wonse chifukwa choti kuli kachigamba kubondo. Pomwe wakanda mpaka kusupuka pang'ono mutha kupakapo, kumawawa kamphindi nkusiya, koma pachilonda chenicheni chotseguka kapena chamafinya ayi. Mukamaliza sambaninso m'manja, pokhapokha ngati manjawo ndi omwe mukuchiza. Kamodzi kapena kawiri patsiku basi, kupaka kanayi sikuchiritsa msanga, mungoononga khungu ndi ndalama. Ndipo musamange ndi pulasitiki kapena bandeji pamwamba pake mwa nzeru zanu, zimenezo amalamula ndi adokotala. Pafupi ndi maso samalani kwambiri, siteroidi wolowa m'maso nthawi yayitali amabweretsa ng'ala komanso matenda okweza mphamvu ya madzi a m'diso aja amapha maso mwakachetechete.

Koma ndikuuzeni zoona, theka la nkhondoyi si siteroidi, ndi mafuta wamba. Khungu la eczema lili ngati khoma la njerwa lopanda matope okwanira pakati, madzi amathawa, fumbi ndi sopo zimalowa. Siteroidi amaziziritsa lero, koma chotseka ming'aluyo ndi mafuta, tsiku lililonse olo khungu lili bwinobwino. Ife timagwiritsa vaselini woyera wopanda pafyumu kapena emulsifying ointment, thupi lonse, akangotuluka m'bafa khungu likadali lonyowa pang'ono, m'mawa ndi madzulo, nthawi yozizira ndimamuikiranso kabotolo mu chikwama cha kusukulu. Ma loshoni onunkhira aja ayi. Pakati pa mafuta ndi siteroidi muzisiya mphindi 20 kapena 30, kuti mafuta asasungunule mankhwala nkuwafalitsa pomwe sakufunika. Kuti chiyambe nchiti anthu amanena zosiyana, ine ndimayamba mafuta, ndikapita kukapakula nsima, tikamadya nthawi yakwana, kenako siteroidi pa zigamba. Potapa mafuta mu chibotolo gwiritsani supuni yoyera osati zala zomwe zangokanda kumene. Aqueous cream ndi wabwino kusambira m'malo mwa sopo, koma kumusiya pathupi ana ena amawayabwa, wanga amalira naye. Sopo wochapira zovala kusambitsira mwana wa eczema ndiye ayi ndithu, olo ma sopo a mankhwala onunkhira chipatala aja amangoumitsa. Madzi ofunda chabe osati otentha, asakhalitsemo, chinkhupule ndi mwala wokhulira zisayandikire. Zikhadabo kuwenga wiki iliyonse. Juzi yaubweya isakhudze khungu, mkati avale kamalaya ka kotoni.

Chenjezo lina lomwe anthu salidziwa, zovala ndi zofunda zomwe zamwa vaselini zimagwira moto msanga. Nthawi yozizira yomweyi ndi yomwe ana amaunjikana pa mbaula, magetsi akazima kandulo pafupi ndi bedi. Mwana wodzola mafuta ambiri akhale patali ndi moto, ndipo kuchapa sikuchotseratu mafuta onse mu nsalu.

Nanga kusiya? Apa pali zolakwika ziwiri ndipo ine ndapangapo zonse. China ndi kusiya msanga, tsiku lachitatu kuyabwa kwachepa iwe basi wabisa chubu poopa kuti khungu lipyapyala, Loweruka zabwereranso, ukuyambanso, chaka chonse kumangoyatsa ndi kuzimitsa, mapeto ake wapaka mankhwala ambiri kuposa ukanangomaliza kamodzi. China ndi kusasiya nkomwe. Chomwe anandiphunzitsa nchoti tseka maso upapase ndi chala, ngati pakadali pokhakhala pitiriza, pakasalala ngati khungu loyandikana nalo ndipo sakukandanso, onjezera masiku awiri kenako siya, upitirize mafuta okha. Nthawi zambiri pathupi zimatenga wiki imodzi kapena ziwiri, kumaso masiku 5 mpaka 7. Clobetasol asapitirire magramu 50 pa wiki kwa munthu wamkulu ndipo si wopaka miyezi. Ngati mwapaka muyeso woyenera wiki ziwiri osaona kusintha, musakwere nokha kupita pa wamphamvu, bwererani, mwina si matenda omwe mumaganiza kapena alowa tizilombo. Kwa amene zimangobwerera malo omwewo mwezi ndi mwezi, adokotala anatipatsa njira yoti pakapola tizipaka masiku awiri okha pa wiki, ife tinasankha Loweruka ndi Lamulungu, pa malo omwe timadziwa kuti ndi pomwe zimayambira. Chaka chatha zinatithandiza kwambiri, July yense anagona.

Pali kanthu kena ka ife akhungu lakuda komwe mapepala a mu katoni sanena. Amalemba kuti pakani mpaka kufiira kutatha, koma pa ife eczema siifiira kwenikweni, imada kuposa khungu lonse, pena kutuwa, pena timatuza ting'onoting'ono ngati tsembwe. Ndipo ikapola imasiya chigamba, pena chakuda bii pena choyererako. Chigamba chimenecho ngati chili chosalala ndipo sichikuyabwa si matenda ayi, ndi chipsera chabe cha moto womwe wazima, chimatha chokha pakapita miyezi. Musalimbane nacho ndi siteroidi. Apongozi anga ataona mawanga oyera kuseri kwa mawondo anati mwamuwaula mwana ndi mankhwala achizungu, koma mawangawo analipo olo pamalo pomwe sindinapakepo. Siteroidi wamphamvu amathadi kuyeretsa khungu, izo nzoona, koma hydrocortisone wa wiki imodzi si amene angapange zimenezo.

Zomwe zikundifikitsa pa nkhani yomwe ena simuikonda. Ma chubu omwewa ndi omwe akugulitsidwa pa mabenchi a zodzoladzola mu Limbe ndi mumsika wa Blantyre ngati mafuta oyeretsa, ena amachita kufinyira ma chubu atatu mu botolo la loshoni nkumadzola thupi lonse m'mawa ndi madzulo. Asisi ena omwe tinkakhala nawo mpanda umodzi anapanga zimenezo zaka ziwiri. Miyezi yoyamba anawala ndithu, aliyense kuwafunsa chinsinsi. Kenako masaya anayamba kuoneka timitsempha tofiira, ziphuphu zing'onozing'ono zofanana kuzungulira pakamwa, tindevu, m'khwapa ndi m'ntchafu mizere ikuluikulu yofiirira ngati ya mimba koma yotakata ngati chala, akangodzigunda pa chitseko khungu kung'ambika ngati pepala lonyowa, chipere thupi lonse. Mizere imeneyo siichoka, olo mutasiya. Ndipo ukamadzola thupi lonse choncho mankhwala amalowa m'magazi, amatha kukweza shuga ndi BP, tiziwalo ta pa impso tija timasiya kupanga cortisol wake poona kuti akubwera kuchokera kunja. Iwo atayesa kusiya kamodzinkamodzi nkhope inatentha ngati athira tsabola, kutupa, kusenda, nkubwereranso ku chubu. Ngati muli pamenepo musachite manyazi ndipo musasiye mwadzidzidzi panokha, pitani mukanene zoona zonse, dzina la chubu ndi zaka zomwe mwadzola, amakutsitsani pang'onopang'ono.

Tsono pali nthawi zina zoti chubu muchisiye kaye muthamange. Eczema ikayamba kutuluka mafinya, nkhanambo zachikasu, kununkha, kutentha, mwana thupi latentha, alowa mabakiteriya, pafunika ma antibiotic. Mukaona timatuza kapena timabowo tating'ono tambirimbiri tofanana ngati wina waboola ndi nsonga ya bolopeni, tikufalikira msanga, tikuwawa osati kuyabwa chabe, makamaka kumaso, tsiku lomwelo kuchipatala osadikira mawa. Amene mwangoyamba kumene mankhwala atsopano akumwa, kaya Bactrim, kaya Fansidar, kaya ma ARV, kaya a khunyu, nkutuluka ziwengo thupi lonse, milomo kusupuka, maso kufiira, zimenezo si za kirimu, pitani msanga ndi mankhwalawo m'manja. Komanso munthu wamkulu amene sanadwalepo khungu nkungoyamba tizotupa toyabwa mikono ndi miyendo yonse osatha, kapena mfundu yambiri yofika m'nsidze ndi m'mbali mwa mphuno yosamva mankhwala, ndi bwino kukayezetsa magazi, khungu nthawi zina ndi lomwe limayamba kuulula. Omwe muli kale pa ma ARV auzeni adokotala mtundu womwe mukumwa asanakupatseni siteroidi wamphamvu wa malo aakulu, ena amapangitsa kuti siteroidi achedwe kuchoka m'thupi. Oyembekezera wofatsa ndi wapakati amaloledwa mukawauza a kusikelo, oyamwitsa ngati mwapaka pabere pukutani bwinobwino mwana asanayamwe.

Kopeza thandizo, yambirani pa health centre ya kwanu, kaya ndi Chilomoni, Ndirande, Zingwangwa, Limbe, Bangwe, akaona kuti zawakulira amakulemberani kalata yopita ku Gulupu komwe kuli kiliniki ya zakhungu. Mukamagula nokha gulani mu famase yovomerezeka ndi a PMRA, omwe amayang'anira za mankhwala m'dziko muno, osati pa benchi pomwe chubu chakhala padzuwa kuyambira m'mawa. Onani deti yothera ntchito. Kunyumba sungani pozizira, osati pawindo kapena m'galimoto, komanso patali ndi ana. Ine ndimalemba ndi maka pa katoni iliyonse, iyi NKHOPE iyi MIYENDO, ndi tsiku lomwe tayamba, chifukwa tsiku lina bambo ake ndili ku maliro ku Thyolo anamupaka betamethasone m'masaya masiku anayi poti ma chubu onse ndi oyera.

Popita kuchipatala tengani buku la kuchipatala la mwana ndi ma chubu onse omwe mwapakapo, olo aja munagula mobisa, olo otha kale, muwaike mu jumbo. Jambulani pa foni tsiku lomwe zavuta kwambiri chifukwa khungu lili ndi mwano, tsiku la kiliniki limakhala bwinobwino ngati mukunama. M'mawa umenewo musamudzoze chilichonse kuti akaone momwe lilili. Ndipo musanatuluke muchipindamo funsani kuti adokotala, ameneyu ndi wa malo ati, timizere tingati, masiku angati, ndipo zikabwerera ndiyambenso ndekha kapena ndibwere, muwapemphe alembe m'bukumo chifukwa mukafika pa siteji ya minibasi theka mwaiwala kale.